Aneba akukumba chimbudzi kumtunda kwa chitsime changa ku Chikanda, ndipange bwanji?

Make Tadala

Moni nonse m'gulu muno. Pepani ndilemba zambiri koma nkhaniyi yandisowetsa tulo sabata yonse ino. Ine ndimakhala ku Chikanda mu mzinda wa Zomba, cha kumunsi kuja malo amayamba kutsetsereka kulowera ku mtsinje wa Likangala. Pakhomo panga pali chitsime chomwe malemu bambo a Tadala anakumbitsa mu 2011, chakuya mamita 9, chomangidwa ndi njerwa kuchokera pansi mpaka pamwamba ndipo chili ndi chivundikiro cha simenti chomwe timakhoma ndi loko usiku. Sichinaphwepo chitsime chimenechi, olo mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo madzi amangotsika pang'ono ife nkulumikiza chingwe mkono umodzi basi. Timamwa omwewo, kuphikira omwewo, kuchapira omwewo, ndipo mabanja ena anayi oyandikana nane amatunga pompo, sindiwalipiritsa ayi amangosonkha ya chingwe kapena ndowa ikabooka.

Tsono puloti ya kumtunda kwanga inagulitsidwa chaka chatha, wogulayo wamanga mdadada wa zipinda 12 zoti azichititsa lendi ana a ku yunivesite. Zimenezo ndilibe nazo vuto, aliyense akusaka ya ndiwo. Koma Lolemba ndikudzuka ndangoona anyamata awiri ali ndi piki ndi fosholo akukumba dzenje la chimbudzi kuseri kwa zipindazo, kugundiza mpanda wanga weniweni. Ndinawerenga mapazi kuchoka pa mpanda kufika pa chitsime, 11 okha, ndipo iwo ali kumtunda ine kumunsi. Dzulo ndinasuzumira, afika kale mwina mamita atatu ndipo dothi lomwe akutulutsa pano ndi lonyowa lomata pa fosholo, mnyamata mmodzi anachita kundiuza yekha kuti mayi apapa madzi sali patali.

Ndinapita kwa mwini wakeyo mwaulemu ndithu, ndinagwada kumene, koma anandiyankha kuti mayi ine ndili mkati mwa mabikoni anga, zochitika pa puloti yanga ndi zanga, nanga inuyo chitsime chanucho munapempha ndani. Ndinangoti kukamwa yasa nkubwerera.

Nde ndifunse nawo, kodi mabikoni aja amagwiranso ntchito pansi pa nthaka? Lilipo lamulo lomuletsa munthu kukumba chimbudzi pafupi ndi madzi a mnzake, kapena woyamba kukumba ndi amene ali ndi mphamvu? Ndili ndi mdzukulu wa miyezi inayi pakhomo pano, ndi amene ndikumuganizira kwambiri.

Mnyamata wa pa Mpondabwino

Mayi musachedwe pitani kwa amfumu lero lomwe lisanalowe dzuwa, dzenjelo akangoika silabu ndi kumanga khoma nkhani yatha palibe adzavomere kugumula. Tengani azimayi anayi otunga nawo aja mupite limodzi, mukapita nokha aziti ndi nsanje ya zipinda.

Wamijigo

Make Tadala, ine ndagwira ntchito yobowola mijigo zaka 14, Zomba yonse ino, Machinga, Phalombe mpaka Mangochi, nde ndikuuzeni zomwe ndaziona ndi maso angawa.

Mabikoni amathera pamwamba pomwepo mayi. Chitsime chanu si thanki yosunga madzi anu ayi, ndi kabowo chabe komwe malemu anatsegula pa njira ya madzi odutsa. Mvula ikagwa kuphiri ndi m'mapuloti monsemo imalowa pansi nkumayenda pang'onopang'ono kutsata kutsetsereka kwa malo, kwanuko ndiye kuti akulowera ku Likangala, nde madzi omwe mwatunga lero m'mawa anadutsa kaye pansi pa puloti ya anebawo asanafike kwa inu, ndipo akachoka kwa inu akupita kwa wina wa kumunsi. Muyezo womwe timatsatira tikamasankha malo a mjigo ndi woti chimbudzi, khola, dzala kapena manda zikhale mamita osachepera 30 kuchoka pa madzi, zikhalenso kumunsi osati kumtunda, ndipo pansi pa dzenje la chimbudzi pasiyane ndi pomwe madzi apansi amafika ndi mita imodzi ndi theka kapena kuposa. Mapazi 11 anuwo ndi mamita mwina 8, kumtunda, dothi lonyowa kale. Zonse zitatu zalakwika.

Ndipo chomwe anthu ambiri amaphonya ndi nyengo. Dzenje lokumba mu Okutobala limaoneka louma bwinobwino, koma ikafika Febuluwale madzi apansi akwera mamita awiri atatu, dzenje lija nkukhala mkati mwa madzi momwemo ngati thumba la masamba a tiyi m'kapu. Ngati lanyowa pano mvula isanayambe ndiye m'dzinja lidzadzadza ndithu.

Za nthaka ya kuno, ukamabowola umayamba ndi katondo, kenako mwala wofumbutuka uja wotuluka ngati mgaiwa, kenako thanthwe lenileni lomwe madzi ake amakhala m'ming'alu basi. Katondo ndi wabwino, zonyansa zimayenda mochedwa zikusefeka ndipo tizilombo tambiri timafera m'njira. Koma dzenje likafika pa mwala wong'aluka zimathamanga ngati zili m'paipi, pamenepo olo mamita 30 aja sakwana. Nde funsani anyamatawo ngati piki yayamba kulira pa mwala.

Kumbali ya lamulo, madzi apansi si a mwini puloti, kaya inu kaya iwo, ndi chuma cha dziko. Lilipo lamulo la Water Resources Act la 2013 lomwe linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, ndi lomwe limapereka chilolezo chobowola mjigo ndi kupopa madzi ambiri, ndipo kuipitsa madzi lamulolo limaletsa. Nde mawu oti zochitika pa puloti yanga ndi zanga aja sagwira pa nkhani ya madzi.

Koma ndikuchenjezeni chinanso chomwe simunachiganizire. Munthu wa zipinda 12 mawa lino adzafuna madzi ake, adzaitana anthu ngati ine timubowolere mjigo aikemo pampu ya magetsi kapena ya sola ndi thanki pamwamba. Zinandichitikirapo mbali ya ku Matawale, tinabowola mamita 48 madzi anatuluka ambiri bwana nkusangalala, anaika pampu yaikulu ndi mathanki awiri nkumapopa m'mawa ndi madzulo. Pampu ikamakoka, madzi ozungulira mjigowo amatsika ngati mbale yolowa pakati, zitsime zosaya zomwe zili mkati mwa mbaleyo ndi zomwe zimayamba kuphwa. Chilimwe chomwecho ndikudutsa kumeneko agogo ena anandizindikira ndi ovolosi, anandikokera pa chitsime chawo nkuponya ndowa ine ndikuona, inatuluka ndi matope theka ndi kachule kakufa, anangoti mwanawe madzi anga mwapita nawo kuti. Mpaka lero ndimawakumbukira agogo amenewo, chifukwa tsiku lobowola palibe mwa ife amene anayenda kukaona zitsime za aneba, tinangoona pomwe galimoto ingaime bwino. Pano ndisanatsitse chitsulo ndimayamba ndazungulira mapuloti onse oyandikana kuwerenga zitsime ndi zimbudzi.

Komanso mjigo wobowola mwachinyengo ndi woopsa kuposa chitsime. Mamita oyambirira kumtunda amayenera kutsekedwa ndi simenti kuzungulira paipi kuti madzi oipa apamwamba asatsikire m'mbali, ena pofuna kusunga matumba a simenti amangokwirira ndi dothi lomwelo, nde mjigo umenewo umasanduka njira yotsitsira za m'chimbudzi kukafika ku madzi akuya omwe anali oyera.

Landilodi wa ku Chinamwali

Ine ndiyankhulako mbali inayo olo mundinyoze. Make Tadala ndikumva chisoni chanu ndipo mayankhidwe a bamboyo sanali abwino, munthu wamkulu wagwada sumuyankha choncho. Koma achimwene a mijigo tandiuzani, puloti zathu zambiri m'makomboni muno ndi zazing'ono, ina mamita 15 m'lifupi 25 m'litali, ina kuchepera apo poti anthu anagawana gawana pogulitsa. Nde mamita 30 mukunenawo ndiwatenga kuti? Ndikasuntha chimbudzi kuchoka kwa neba wa kumunsi ndikuyandikira chitsime cha wa kumanja, ndikachoka apo ndagunda khitchini ya wina. Ine ndili ndi malendi 8 pakhomo, anthu oposa 20, onsewo akufuna kothandizikira tsiku ndi tsiku, ndisakumbe azipita kuti, kumtsinje? Mesa ndiye kuipitsa madzi kwenikweniko?

Ndipo chimbudzi chikadzadza timakumba china pambali pake, puloti yanga ili ndi maenje okwiririka atatu kale, pansi pa Chinamwali yense ndi maenje okhaokha akale omwe eni ake anaiwala, ena anamangapo nyumba pamwamba. Ndinayesa sepitiki thanki pa nyumba yanga ya kutsogolo koma nayonso madzi ake amathera mu dzenje lomwetsera pansi, kungoti saoneka. Malo oyeretsera zonyansa za mzinda uno ali ku Chikanda komweko kwa mayiwa, koma mapaipi a suweji amafika malo ochepa, makomo ambiri tonsefe timadalira nthaka.

Ine maganizo anga ndi oti m'tauni mothithikana chonchi sizingatheke kuti nthaka yomweyo ikhale chimbudzi komanso ikhale mtsuko. Chimodzi chigonje. Kuno tili ndi mwayi wa damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri pomwe a Southern Region Water Board amatenga madzi a m'mipopi, madzi ochokera kumtunda kopanda zimbudzi zathuzi, nde akumwa azichokera ku mpopi kapena pa kiyosiki, chitsime chikhale chochapira ndi kukolopera basi.

Wamijigo

Bambo a ku Chinamwali pa kuchepa kwa mapuloti simukunama, ine ndinakanapo ntchito ku Sadzi chifukwa paliponse ndikaima panali chimbudzi mkati mwa mamita 10, mwini wake anakwiya nkuitana ena omwe anabowola. Koma kusowa mamita 30 sikutanthauza kuti basi kumba paliponse mozama momwe ungafunire. Dzenje likhoza kukhala losaya lomangidwa ndi njerwa ndi pulasitala mkati, nkulikweza pamwamba ndi masitepe, likadzadza kuitana opopa m'malo mokumba lina. Ndi ndalama inde, koma munthu womanga zipinda 12 sangalephere matumba angapo a simenti.

Mlangizi wa zaumoyo

Mayi, ine ndimagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ndi m'makomboni, ndawerenga pomwe mwatchula mdzukulu wa miyezi inayi mtima wanga wagunda. Tisaiwale msanga abale. Kolera inayamba ku Machinga kuno kufupi mu Malichi 2022 pambuyo pa namondwe Ana, inafalikira dziko lonse mpaka 2023 nkutenga anthu oposa 1,700, sitinaonepo ina yotero m'dziko muno. Kenako namondwe Freddy mu Malichi 2023, zimbudzi zinagwa zina kusefukira. Ine ndinkayenda khomo ndi khomo ndi chigubu cha kolorini, ndinafika pakhomo pena chimbudzi chitatitimira silabu ili chagada, madzi a chikasu akuyenderera pabwalo kulowera pomwe panali chitsime, mayi wa pakhomopo akutunga pomwepo akuti aphikira phala poti akuoneka oyera akadikha. Kuyera kwa madzi m'maso sikunena kanthu, tizilombo ta kolera, taifodi ndi kamwazi sitisintha mtundu kapena fungo.

Nde chochita pano osadikira kuti nkhani ya dzenje ithe. Madzi akumwa muzithira WaterGuard kapena kolorini yomwe timagawa ija mu ndowa yovundikira, mudikire mphindi 30 musanamwe, kapena muwiritse mpaka abwate. Musadalire kuthira mankhwala m'chitsime momwemo kamodzi nkuti basi, monga anenera achimwene a mijigo madziwo ndi oyenda, mawa mwalowa ena atsopano mankhwala apita.

Koma pali china chomwe kolorini sachotsa ndipo kuwiritsa sikuchotsa, kumangochiunjika poti madzi ena amauluka ndi nthunzi. Ndi mchere wina wotchedwa nitrate womwe umachokera ku zonyansa za m'chimbudzi ndi feteleza, umayenda ndi madzi mtunda wautali kuposa tizilombo, ndipo a WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, amati usapitirire mamiligalamu 50 pa lita. Akuluakulu sitimva kanthu koma kwa khanda losakwana miyezi 6 umasokoneza magazi kunyamula mpweya, mwana milomo nkumada. Nde mdzukuluyo aziyamwa bere lokha mpaka miyezi 6 monga timanenera ku sikelo, ndipo ngati pali chifukwa choti akumwa mkaka wosungunula musasungunulire madzi a pachitsimepo ayi.

Za kokadandaula, kwa amfumu pitani inde koma mupitenso ku khonsolo ya mzinda mukafunse a zaumoyo woona za ukhondo wa malo, amenewo ntchito yawo ndi yomweyo kubwera kudzaona pomwe chimbudzi chikukumbidwa, ndipo mawu awo landilodi amawamvera kuposa a neba. Muwafunsenso za kuyezetsa madziwo ku labu pano chimbudzi chisanayambe kugwira ntchito, kuti mudziwe momwe alili lero, mudzayezetsenso mu Febuluwale.

A ku Chinamwali, mfundo yanu ya mpopi ndi yoona koma si aliyense angakwanitse kulumikiza ndi kulipira bilu mwezi ndi mwezi, mabanja anayi akutunga kwa mayiwa mukawatsekera chitsime ena mwa iwo akatunga ku Likangala komwe kuli koipa kuposa. Ziliponso zimbudzi za Skyloo zija zomanga pamwamba osakumba, zazipinda ziwiri, mumathira phulusa ndi dothi mukatha, chipinda china chikadzadza mumatseka miyezi ingapo nkudzafukula manyowa. Pakhomo pa banja limodzi zimayenda bwino kwambiri, pa malendi ambiri zimavuta chifukwa wina amathiramo madzi osamba, koma malo a madzi apafupi ngati amenewo ndi zoganizira.

Che Nyanja wa ku Kachulu

Ndikuwerenga ndili kuno kunyanja ndipo ndati ndiponyepo mawu. Inu a m'tauni mukamati kumunsi mumathera pa mpanda wa neba, koma kumunsi kwenikweni ndi kuno. Likangala, Domasi, Thondwe, Songani yonseyo imathera mu Chilwa, ndipo nyanja imeneyi ilibe potulukira, cholowa chalowa, madzi amangouluka ndi dzuwa mchere nkutsala. Nchifukwa chake kuno nkhani ya pansi ndi ina, ena amati bola kubowola mozama koma kwathu kuno mijigo ina ukazamitsa ndi pomwe umakumana ndi madzi a mchere, pali mjigo pafupi ndi kwathu wabwinobwino wopopa ndi manja wa mtundu wa Afridev chogwirira chake chikadali chatsopano koma palibe amamwa, sopo sachita thovu, nyemba sizipsa, nsima imawawa, azimayi amaudutsa nkupita kukafukula mchenga. Nyanja itauma mu 1995 ndinali mnyamata, mu 2018 ndinaona ndi ana anga anthu akuyenda pansi pomwe timapalasa bwato, zitsime za m'madimba zinatsika zonse nthawi imodzi. Pano kwabwera mapampu a sola m'madimba ndi m'minda ya mpunga aliyense akukoka momwe angathere palibe akuwerenga kuti tonse pamodzi tikukoka angati. Make Tadala limbikani, dzenje limodzi limenelo mukaligonjera mawa akumba lachiwiri.

Make Tadala

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri kawiri mpaka foni kutha moto. Ndibwere ndi momwe zayendera.

Choyamba ndinene chomwe chandiwawa. Nditawerenga za mamita 30 zija ndinabwereka tepi kwa kalipentala wa pafupi nkuyeza bwinobwino ndi Tadala, dzenje la anebawo lili mamita 8 ndi theka monga munanenera achimwene. Koma Tadala anati amayi tiyezenso chathu. Chimbudzi changa chomwe, chomwe takhala tikugwiritsa ntchito zaka zonsezi, chili mamita 16 kuchoka pa chitsime, chili cham'mbali chotsikirako pang'ono osati kumtunda koma 16 si 30. Ndipo kumunsi kwa chimbudzi changacho kuli chitsime cha mayi ena okalamba omwe sanandidandaulepo olo tsiku limodzi. Ndinakhala pansi pakhonde nthawi yaitali tepi ili m'manja.

Kwa amfumu tinapita Lachinayi ndi azimayi atatu, wachinayi anaopa poti mwana wake ndi mmodzi mwa okumbawo. Amfumu anaimitsa ntchito kaye nkuitanitsa bamboyo, Lachisanu kunabweranso bambo wa zaumoyo anasuzumira m'dzenjemo, pansi pake panali patayamba kale kudikha timadzi usiku umodzi wokha, sanachite kulankhula zambiri. Agwirizana kuti dzenjelo likwiriridwe, akumbe kutsogolo pa ngodya ya kumsewu losapitirira mamita awiri, lomanga ndi njerwa ndi pulasitala nkulikweza pamwamba, lizipopedwa likadzadza. Pa ngodyapo tayeza pakukwana mamita 23 kuchoka kwa ine, kupitirira apo ndi msewu. Bamboyo sanasangalale, akuti ndamuonongetsa ndalama ya anyamata masiku anayi ndipo pano sakundiyankha moni, komanso pochoka ananena kuti chaka chamawa abowola mjigo wake, nde nkhani ya agogo a ku Matawale ija ikundizungulira m'mutu.

Pakadali pano akumwa tikugula pa kiyosiki ndowa ziwiri patsiku, a pachitsime tikuchapira ndi kusamba, azimayi enawo ndawauza za kolorini awiri amva mmodzi akuti takhala tikumwa zaka 10 osadwala. Mawa ndikufuna ndipite kwa mayi okalamba a kumunsi aja ndikawauze za mamita 16, sindikudziwa ndikayambira pati. Alangizi, botolo lotengera madzi okayezetsa lija amapereka okha ku labu kapena ndingawiritse langa la pakhomo, ndipo madziwo akuyenera kufika pasanathe maola angati nditatunga?